Sikelo ya Beaufort

Sikelo ya Beaufort ndi muyeso wa mphamvu ya mphepo umene amalinyero amagwiritsa ntchito panyanja. Imayambira pa 0, pamene madzi ali bata, n'kukathera pa 12, pamene kwagwa namondwe woopsa. Anaikonza mu 1805 ndi Francis Beaufort, msilikali wa pamadzi wa dziko la Britain wobadwira ku Ireland. Nthawi imeneyo mphepo yomwe woyendetsa sitima wina ankailemba m'buku kuti ndi yaukali, mnzake ankaiyesa yochepa, motero zolemba zawo zinkasemphana.

Beaufort sanayeze liwiro la mphepo. Iye anayang'ana matanga. Manambala ake ankasonyeza mmene sitima yankhondo ingayendere ndi matanga amene ingatambasule, ndipo pa 12 panalibe nsalu yoti n'kupirira. Mu 1838 gulu lankhondo la pamadzi la Britain, la Royal Navy, linalamula kuti sitima zake zonse zizitsata sikeloyi. Zitafala sitima za nthunzi, amalinyero anayamba kuwerenga maonekedwe a madzi.

Pa 4, mafunde amakhala aang'ono koma thovu loyera limaoneka pafupipafupi. Pa 8, nsonga za mafunde zimasweka ndipo mphepo imakoka thovu m'mizere yooneka bwino. Pa 12, mphepo imakhala itafika makilomita 118 pa ola kapena kuposa, nyanja yonse yayera, munthu osaona patali.

Ubwino waukulu wa sikeloyi ndi wakuti imangofuna maso ozolowera nyanja. Komabe mmalinyero asamale, chifukwa mafunde amachedwa kukula mphepo ikangoyamba, ndipo pafupi ndi gombe lotchingidwa amaoneka ochepa pamene mphepo ili yamphamvu. Mpaka lero wailesi ya BBC imatchula manambalawa pochenjeza sitima za m'nyanja zozungulira Britain.