Amati ndinali wofuntha: mbiri ya ADHD kuchokera ku London mpaka ku Euthini

Dokotala wa matenda a maganizo ku Mzuzu atandiuza kuti ndibweretse umboni wa momwe ndinkakhalira ndisanakwanitse zaka 12, ndinaseka. Ndimaphunzira mbiri yakale, ndili chaka chachitatu, ndipo funso loti umboni wako uli kuti ndimalimva sabata iliyonse m'kalasi. Ulendo uno umboniwo unali kwathu ku Euthini, m'sutikesi ya amama, ngati chiswe chinali chisanaupeze.

Chimene chinandifikitsa kwa dokotalayo ndi kalata ya chenjezo. Ndinali nditalephera maphunziro awiri, pomwe m'kalasi ndimamva bwinobwino ndipo anzanga amabwera kudzandifunsa. Ntchito yopatsidwa milungu itatu ndinkaiyamba usiku womaliza. Tsamba limodzi ndinkaliwerenga kanayi maganizo ali kwina. Kulepheranso kukanatanthauza kuchotsedwa sukulu, ngongole ya boma ili pamutu, komanso achimwene anga amene amatumiza ndalama kuchokera ku Joni akudikira digiri. Mnzanga wophunzira unamwino ndiye anatchula dzina loti ADHD, attention deficit hyperactivity disorder, vuto la kulephera kusunga chidwi pa chinthu chimodzi, kusakhazikika ndi kuchita zinthu usanaganize. Ndinafuna kudziwa kumene dzinali linachokera, ndi chifukwa chimene lachedwera kufika kwathu.

Vutoli linalembedwa kale kwambiri. Mu 1798 dokotala wa ku Scotland, Alexander Crichton, analemba za anthu amene satha kuika maganizo pa chinthu chimodzi kwa nthawi yokwanira, ndipo anaona kuti ena amakhala otero kuyambira ali ana. Mu 1902 George Still, dokotala wa ana ku London, anakamba pamaso pa madokotala anzake a Royal College of Physicians za ana anzeru zabwinobwino amene sankatha kudzigwira. Iye anati anawo anali ndi chilema pa kudziletsa m'makhalidwe. Mawu amenewo akuonetsa kuti kuyambira pachiyambi nkhaniyi inkayenda pakati pa chipatala ndi chikwapu.

Mankhwala anapezeka mwangozi. Mu 1937 Charles Bradley, ku Rhode Island m'dziko la America, anapatsa ana 30 mankhwala otchedwa Benzedrine pofuna kuchepetsa kupweteka kwa mutu, ndipo pafupifupi theka la anawo anayamba kuchita bwino kusukulu. Mu 1944 Leandro Panizzon wa kampani ya Ciba ku Basel anapanga methylphenidate, amene anadzagulitsidwa ndi dzina loti Ritalin, kuchokera ku dzina la mkazi wake Rita. Buku la madokotala a ku America lotchedwa DSM linaika vutoli mu 1968 ngati la ana okha. Dzina loti ADD linabwera mu 1980, ndipo loti ADHD mu 1987. Kwa zaka zambiri ankakhulupirira kuti mwana akakula zimatha zokha. Paul Wender ndi anzake ku Utah ndiwo ena mwa oyamba kuonetsa, mu 1976, kuti akuluakulu ena amakhala nalobe ndipo mankhwala amawathandiza.

Tsopano tiike zaka zomwezo pafupi ndi za kuno. Dera la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa linalowa mu ulamuliro wa Angerezi mu 1904, patangopita zaka ziwiri kuchokera pamene Still anayankhula. Mu 1910 boma la atsamunda linatsegula malo oyamba osungirako odwala misala ku Nyasaland, ndipo malowo anali mbali ya ndende yaikulu ya Zomba, m'manja mwa oyang'anira akaidi. Wolemba mbiri Megan Vaughan anafufuza za malowa m'nkhani imene inatuluka mu 1983. Amene ankafika kumeneko kawirikawiri anali oti apalamula mlandu kapena aopseza anthu. Madokotala ambiri a nthawiyo ankakhulupiriranso kuti sukulu ndi moyo wa Chizungu ndizo zimasokoneza mitu ya Aafirika. Lamulo la Mental Treatment Act linabwera mu 1948 ndipo linagwira ntchito zaka zoposa 70. Chipatala cha Zomba Mental chinatsegulidwa mu 1953.

Phunziro limene ndikutengapo ndi ili. Chithandizo cha matenda a maganizo m'dziko muno chinayamba ndi cholinga choteteza anthu kwa munthu wosokoneza. Funso lake linali loti kodi ameneyu ndi woopsa. Munthu amene akungodzipweteka yekha mwakachetechete, woiwala, wochedwa, wosiya ntchito pakati, funso limenelo silimupeza. Mpaka lero mawu oti ku Zomba ndi nthabwala yonyoza pakati pathu, ndipo wophunzira amaopa kuonedwa pakhomo la chipatala cha maganizo kuposa momwe amaopera kulephera mayeso.

Makolo athu anali ndi njira zawo. Vimbuza, gule wochiritsa wa Atumbuka, amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005, amapereka malo kwa munthu wovutika mumtima kuti amvedwe ndi mudzi wonse. Koma mwana wosakhazikika sankatengedwa ngati wodwala. Anali wofuntha, wosamva, wopulupudza, ndipo mankhwala ake anali m'manja mwa adada ndi aphunzitsi. Mtsikana wongokhala phee maganizo ali kutali ankatchedwa waulesi kapena wogona, ndipo palibe ankamudandaula chifukwa sankasokoneza aliyense.

Chaka cha 1994 chimandichititsa chidwi. Ku America kunatuluka DSM yachinayi, komanso buku la Edward Hallowell ndi John Ratey, Driven to Distraction, limene linachititsa akuluakulu ambiri kupita kukayezetsa. Chaka chomwecho boma la Bakili Muluzi linayambitsa maphunziro aulere a pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino, ndipo enafe tinaphunzira chifukwa cha chimenecho. Koma makalasi anadzaza, ena pansi pa mitengo. Ine ndinalowa Sitandade 1 patapita zaka zoposa khumi, ndipo tinalipo oposa 100. Sindingawaimbe mlandu aphunzitsi anga. Munthu mmodzi wokhala ndi choko ndi ana ochuluka chotero sangasiyanitse mwana wanjala, wosamva bwino m'khutu, ndi wa ADHD. Onse amalandira chilango chimodzi.

Ku mpoto zinthu zinayamba kusintha mu 1993, pamene mabulazala a chipani cha St John of God anafika ku Mzuzu ndi kuyamba ntchito ya umoyo wa maganizo. Kenaka anatsegula koleji yophunzitsa madokotala ndi anamwino a ntchitoyi. Munthu wa ku Mzimba sanafunikirenso kuganiza za Zomba yokha. Komabe ogwira ntchitoyi ndi ochepa, ndipo nthawi yawo yambiri imathera pa matenda amene sangadikire: khunyu, misala, kukhumudwa koopsa, mowa ndi chamba. Wamkulu wobwera ndi dandaulo loti satha kumaliza buku amaima kumapeto kwa mzere wautali.

Ndinapita ku Euthini pa tchuthi. Amama anapeza malipoti atatu a sukulu, a Sitandade 4, 5 ndi 7. Onse ankanena chinthu chimodzi m'mawu osiyana, kuti mwanayu ali ndi nzeru koma sasamala ndipo amalongolola m'kalasi. Zotsalazo anawonjezera okha. Anandikumbutsa tsiku limene ndinapita ku chigayo n'kubwerako wopanda ufa, ndi chaka chimene ng'ombe zinadya chimanga cha eni ake ine ndikusema galimoto ya mawaya pachulu, adada n'kulipira mbuzi. Atamaliza kuseka anakhala chete, kenaka anafunsa: "Ndiye adokotalawo akuti ndiwe wamisala, mwana wanga?" Ndinati: "Ayi amama, akungofuna kudziwa ngati zimene mwanenazi ndi zomwezi zikundivuta lero." Anati: "Ukawauze kuti ndi zomwezo. Sunasinthe."

Umboni umenewu ndi wofunika chifukwa cha momwe vutoli limayezedwera. Palibe kuyeza magazi kapena kujambula mutu kumene kumalionetsa. Malinga ndi DSM yachisanu ya 2013, munthu wa zaka 17 kupita m'tsogolo ayenera kukhala ndi zizindikiro zosachepera zisanu mwa zisanu ndi zinayi za gulu limodzi, kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, m'malo awiri kapena angapo monga kunyumba ndi kusukulu, ndipo zina zikhale zoti zinaoneka asanakwanitse zaka 12. Buku lakale linkati zaka 7. Dokotala wanga anandiona katatu. Anafunsa za tulo, mowa, chamba, nkhawa, kukhumudwa, ngakhale za malungo aakulu ndili mwana, pakuti zonsezi zingathe kubalalitsa maganizo. Ntchito yake inali yofanana ndi yathu ya mbiri yakale: kuika mapepala pafupi ndi zimene anthu akukumbukira, ndi kuona ngati zikugwirizana.

Kupeza dzina la vuto kunali kosavuta poyerekeza ndi kupeza mankhwala. Methylphenidate ali m'gulu la mankhwala olondedwa kwambiri pansi pa pangano la United Nations la 1971, chifukwa ena amawagwiritsa ntchito molakwika. Mu 2019 ndi mu 2021 akatswiri a bungwe la WHO anakana kuwaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira kwambiri, ponena kuti umboni wa ubwino ndi kuipa kwake pa nthawi yaitali sunali wokhutiritsa. Maiko osauka ambiri amatsata mndandanda umenewo pogula mankhwala. Ine ndinayenda m'mafamase anayi ndi kalata ya dokotala ndisanawapeze, ndipo mtengo wake unali woposa ndalama zanga za chakudya cha mwezi. Ndimamwa miyezi imene ndakwanitsa. Amandichepetsa njala ndipo ndikamwa mochedwa sindigona. Chimene chilipo mwezi uliwonse ndi uphungu: kudula ntchito m'zidutswa, kuwerenga ndi mnzanga, kusiya foni m'chipinda popita ku laibulale.

Mnzanga wina amati zonsezi ndi matenda a pa TikTok, obwera ndi Azungu pofuna kugulitsa mapiritsi. Mbali ina akunena zoona. Aliyense amaiwala, aliyense amazengereza, ndipo mavidiyo a mphindi imodzi apangitsa anthu ambiri kudzipatsa okha matenda. Mbiri ndangofotokozayi ikuonetsanso kuti dzina ndi malire a vutoli zasintha kangapo. Koma dzina lokha ndilo linachokera kunja. Ng'ombe zija zinadya chimanga ku Euthini amama asanamvepo za DSM. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana amapeza vutoli mwa ana pafupifupi 5 pa 100 aliwonse, ndipo ambiri mwa iwo amakula nalo.

Kwa inu amene mwadziona m'nkhaniyi, musagule mapiritsi kwa mnzanu kapena kuitanitsa kwa achibale a ku Joni. Yambani ndi wogwira ntchito ya umoyo wa maganizo pa chipatala cha boma cha m'dera lanu, kapena mlangizi wa pa sukulu yanu, ndipo mukhale okonzeka kumva kuti vuto lanu ndi lina. Funsani makolo adakali moyo momwe munkakhalira, ndipo sungani malipoti a sukulu. Kwa inu amene mukupita kukaphunzitsa, mudzakumana ndi mwana wanzeru wosamaliza ntchito. Musanatenge ndodo, lembani zimene mukuona ndipo muitane kholo lake.

Semesita ino ndakhoza maphunziro onse, awiri mwa iwo movutikira. Malipoti atatu aja ndawabweza m'sutikesi ya amama, koma tsopano ali m'pepala la pulasitiki.