APOLISI A KU JOHANNESBURG NDI ANA ATHU A KU JONI

Wina akhoza kudabwa kupeza mbiri ya apolisi a dziko lachilendo m'buku lokumbukira ntchito za Mulungu pakati pathu. Komatu abusa ndi akulu a mpingo adziwa kuti ndi wosowa mpingo wa m'Sinodi yathu umene sudatumizeko ana ake ku Joni. Mwamuna wochoka kwathu ankanyamula mapepala awiri: kalata ya mpingo yochokera kwa mbusa, ndi chitupa cha boma. Kalata ya mpingo ankaitulutsa Lamulungu. Chitupa ankachitulutsa tsiku lililonse, ndipo wochifunsa adali wapolisi. Chifukwa chake tiyenera kudziwa kumene ulamuliro umenewo udachokera, ndi chimene udasanduka.

Kamudzi ka mahema

Golide adapezeka pa munda wa Langlaagte m'chaka cha 1886, m'dziko la Mabunu la Transvaal, Paul Kruger ali Pulezidenti. Pa nthawiyo panalibe mzinda, koma misasa ya mahema, ngolo za ng'ombe ndi timanyumba ta malata. Msasa wotchuka udali wa Ferreira. Boma lidatuma Kapitao Carl von Brandis kuti ayang'anire migodi ndi kusungitsa bata. Apolisi a boma la Transvaal, amene anthu ankangowatchula kuti ma ZARP, adali ndi ntchito yonga ya polisi ya kamudzi kalikonse: kuleretsa ndewu za pamowa, kugwira mbala, ndi kuthetsa mikangano ya malire a maenje.

Kamudziko kadakula msanga koposa, pakuti zisanathe zaka 10 anthu ake adali pafupi 100,000. Eni migodi ankafuna antchito ambiri a malipiro ochepa, amenenso sangathawe. Tsono m'chaka cha 1896 kudayamba kugwira ntchito lamulo lakuti munthu wakuda wa ku migodi azikhala ndi chitupa, ndiponso azivala kachitsulo pamkono kosonyeza kuti ali ndi bwana. Apa mpamene ntchito ya polisi idakhota. Wapolisi adaleka kufunsa ngati munthu walakwa, nayamba kufunsa ngati munthuyo ali ndi chilolezo chokhala pamene waimapo. Ogwidwa ankapita ku ndende ya pa phiri la Hospital Hill, imene Kruger adaizinga ndi linga pakati pa 1896 ndi 1899. Chigawo chake cha akaidi akuda chidadziwika pambuyo pake ndi dzina lakuti Number Four.

Nkhani imodzi ya masiku amenewo iyenera kukumbukika. Mu December 1898 wapolisi wa ZARP adaombera ndi kupha Mngerezi wina, Tom Edgar, pakhomo la nyumba yake, ndipo bwalo la milandu lidamasula wapolisiyo. Angerezi oposa 21,000 adalemba maina awo pa kalata yodandaula kwa Mfumukazi Victoria, ndipo mkwiyo umenewo udali umodzi mwa nkhuni zimene zidakoleza nkhondo ya 1899. Imfa ya mzungu mmodzi idagwedeza maufumu awiri, pamene zikwapu za anthu akuda osawerengeka sizidagwedeze ngakhale tebulo la woweruza.

Angerezi adalanda Johannesburg pa 31 May 1900, ndipo ma ZARP adatheratu m'nkhondoyo. Polisi ya Transvaal idakhazikitsidwa mwatsopano mu 1908, ndipo pa 1 April 1913 idalowa m'gulu limodzi la dziko lonse lotchedwa South African Police. Likulu lake mumzindamo lidali ku Marshall Square. Yunifolomu idasintha, chinenero cha akuluakulu chidasintha, koma chitupa chidatsala.

Anyasa m'manja mwa apolisi

Bungwe la Wenela lidatenga gulu loyamba la anthu a ku Nyasaland mu 1903. Ambiri adafa ndi chibayo m'makomboni ozizira, kotero kuti mu 1913 boma la South Africa lidaletsa kulemba antchito ochokera m'maiko otentha a kumpoto. Chiletsocho chidakhala zaka zoposa 20. Komabe msonkho kwathu sudaleke, ndipo amuna adapitabe okha, pansi, kudzera ku Tete ndi ku Southern Rhodesia. Amenewa ndiwo tinkati apita paselufu. Pamaso pa lamulo iwo adali olowa m'dziko mosaloledwa, ndipo galimoto ya polisi, imene anthu adaipatsa dzina lakuti kwela-kwela, idali mantha awo usana ndi usiku.

Wa Wenela ankakhala m'komboni yotchingidwa, pansi pa nduna ndi apolisi a pamgodi, amene adali a kampani osati a boma. Apolisi a boma ankaitanidwa zinthu zikavuta, monga mu August 1946 pamene antchito a m'migodi pafupi 70,000 adanyanyala ntchito, nabwezedwa ndi zibonga ndi mfuti. Ena adafa, ndipo oposa 1,000 adavulala.

Waselufu adali ndi tsoka lina. Wogwidwa wopanda chitupa nthawi zambiri sankafika n'komwe pamaso pa woweruza. Ankamuuza kuti asankhe pakati pa ndende ndi kukagwira ntchito ku minda ya azungu. Ambiri, ndi Anyasa omwe, adatengedwa kupita ku minda ya mbatata ya ku Bethal, kumene ankavala masaka, kugona m'nyumba zokhoma, ndi kukumba mbatata ndi zala kapitao ali pambuyo ndi chikoti. Mbusa wa Anglican, Michael Scott, adaulula zimenezi mu 1947, ndipo mtolankhani Henry Nxumalo adazilemba m'magazini ya Drum mu 1952. Tikamatchula matchona, tisafulumire kunena kuti onse adaiwala kwawo chifukwa cha zokoma za m'tauni. Alipo amene adalephera kulemba kalata chifukwa adali m'manja mwa anthu otere.

Mu 1948 chipani cha National chidalowa m'boma ndi malamulo ake a tsankho, ndipo mu 1952 zitupa zonse zidaphatikizidwa m'kabuku kamodzi kamene anthu adakatcha dompas. Pa 9 February 1955 apolisi okwana 2,000 adafika ku Sophiatown kudzasamutsa anthu kunka nawo ku Meadowlands, Bambo Trevor Huddleston akutsutsa kosaphula kanthu. Pa 21 March 1960, pa polisi ya kamudzi ka Sharpeville kummwera kwa Johannesburg, apolisi adaombera khamu limene lidabwera kudzakana zitupa, napha anthu 69. Mu 1968 likulu latsopano lidatsegulidwa, la John Vorster Square, ndipo m'menemo mudafera mphunzitsi Ahmed Timol mu 1971 ndi dokotala Neil Aggett mu 1982. Apolisi adati Timol adadziponya yekha kuchokera pa nsanjika yakhumi. Mu 2017 bwalo lalikulu lidagamula kuti adachita kuphedwa.

Mpingo udati chiyani?

Funso ili litikhudza ife eni ake, pakuti Uthenga udafika ku Mvera mu 1889 ndi abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed. Tiyamika Mulungu chifukwa cha iwo. Koma mpingo womwewo kwawo udakhala zaka zambiri ukuikira kumbuyo malamulo a tsankho amene apolisi ankasungitsa. Mu December 1960, zitachitika za ku Sharpeville, nthumwi za mipingo zidakumana ku Cottesloe mu Johannesburg, ndipo zidavomerezana mfundo zotsutsa mbali zina za tsankho. Masinodi a Dutch Reformed adakana mfundozo mu 1961. Mbusa Beyers Naudé adakana kubwerera m'mbuyo, nataya udindo wake mu 1963, ndipo mu 1977 boma lidamutsekera pakhomo. Mpingowo udayamba kuvomereza kulakwa kwake mu 1986, chaka chomwecho chimene malamulo a zitupa adathetsedwa.

Pa nthawiyo njira ya Wenela idali itayamba kale kutsekeka. Ndege itagwa ku Francistown mu April 1974 ndi kupha Amalawi 74, Dr. H. Kamuzu Banda adaimitsa ulendo wa ku migodi. Udayambanso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, nutheratu mu 1988.

Masiku ano

Mu 1995 polisi idakonzedwanso nitchedwa South African Police Service. John Vorster Square idasinthidwa dzina mu 1997, ndipo pa malo a ndende yakale ya pa phiri la Hospital Hill, pafupi ndi Number Four, paima Bwalo Lalikulu la Malamulo a Dziko, limene lidatsegulidwa mu 2004. Mu May 2008, pamene chiwawa chothamangitsa alendo chidabuka ku Alexandra ndi kupha anthu 62 m'dziko lonselo, obwera ambiri, pamodzi ndi Amalawi, adathawira m'mabwalo a polisi monga ku Jeppe ndi ku Cleveland. Chipata chimene agogo awo ankachiopa chidasanduka pobisalira adzukulu. Komabe sitinganene kuti zonse zatha, pakuti madandaulo a ziphuphu zofunsidwa kwa opanda mapepala akumvekabe, ndipo achinyamata athu akukwerabe mabasi a ku Joni.

Mtumwi Paulo, m'mutu 13 wa kalata yake kwa Aroma, aphunzitsa kuti ulamuliro udaikidwa ndi Mulungu kuti uteteze ochita zabwino ndi kuletsa zoipa. Mutu umenewu udalalikidwa kawirikawiri kwa ogwidwa, koma kawirikawiri sudalalikidwe kwa ogwira. Yohane Mbatizi, pa Luka 3, sadauze asilikali kuti asiye ntchito yawo; adawaletsa kulanda ndi kunamizira anthu. M'mipingo yathu muli apolisi, ena ndi akulu a mpingo, ndipo mulinso makolo a ana amene ali ku Joni opanda mapepala. Sinodi ili ndi mangawa kwa onsewa: kuphunzitsa wapolisi kuti yunifolomu yake ndi utumiki umene adzayankhapo pamaso pa Mulungu, kulangiza wapaulendo kuti apite ndi mapepala oyenera, ndi kulondola nkhosa zake kufikira kumene zili, kuti kalata ya mpingo ikapeze woilandira. Ambuye atithandize.