Chigumu si keke ya amphawi

Tiyi atayamba kulimidwa ku Thyolo mu 1908, pa esiteti ya Bandanga, m'nyumba za azungu munali uvuni, ndipo makhuki achikuda anaphunzira kuphika mabisiketi a tirigu ndi oats. Ena amati chigumu cha kwa Khwethemule, m'boma lomweli, ndi kutsanzira chabe zimenezo mwaumphawi. Zoona, soda ndi shuga zinadzera kusitolo, ndipo malipiro a wothyola tiyi sakanakwanira kugula tirigu wochokera kutali. Koma wotsanzira akanalira uvuni, pamene amayi anakonza njira yawoyawo: mgaiwa, womwe sutaya gaga kapena mtima wa chimanga, nthochi zakupsa kwambiri zimene Thyolo inatchuka nazo, makala pansi pa poto ndi ena pachivindikiro kuti chipse mbali zonse.