Gombe ndi la mudzi: mwambo wa asodzi a ku Japan ndi madzi athu a Kafue

Ambiri a ife timaidziwa Japan kudzera m'ma Hiace amene timakwera pakati pa Kafue ndi Lusaka, kapena kudzera mwa ochemerera mpira aja amene anatola zinyalala m'bwalo ku Qatar mu 2022. Tikaona zotere timangoti, "Awa anabadwa choncho." Koma mwambo wawowo uli ndi kumene unachokera, ndipo kwa ife a ku Chanyanya malo abwino ouonera ndi pamadzi.

Kuyambira 1603 mpaka cha mu 1868, Japan inkalamulidwa ndi banja la Tokugawa. Masiku amenewo msonkho unkaikidwa pa mudzi wonse. Wina akalephera kupereka, mtolo unkagwera anansi ake. Nkhalango yotolamo nkhuni ndi ngalande zothirira mpunga zinali m'manja mwa mudzi. Cha m'ma 1740 boma linalemba mfundo yakuti madzi a m'mbali mwa gombe ndi a mudzi umene wayang'anizana nawo, ndipo a kutali ndi a onse. Choncho mudzi ndiwo unkagamula tsiku loyamba kusodza, zida zololedwa, ndi amene angalowe m'madzimo.

M'moyo wotere ndi mmene munakulira khalidwe limene iwo amalitcha wa, kutanthauza kukhala mogwirizana osadzipatula. Wophwanya pangano ankalandira chilango chotchedwa murahachibu: mudzi wonse unkamusala, ndipo amati ankangomuthandiza pa maliro kapena nyumba yake ikamapsa. Chipembedzo nacho chinkalimbitsa zimenezi. Chishinto chimaphunzitsa kuti m'mapiri, m'mitsinje ndi m'nyanja muli mizimu yotchedwa kami, ndipo asodzi ali ndi wawo, Ebisu, amene amajambulidwa atanyamula nsomba ndi ndodo ya mbedza. Chibuda chinabweretsa mapemphero okumbukira zamoyo zimene zaphedwa, moti mpaka lero m'madoko ena amachita mwambo wothokoza nsomba.

Mwambowu unayesedwa. Boma latsopano la Meiji, pofuna kuyendetsa dziko ngati a ku Ulaya, linalengeza mu 1875 kuti nyanja yonse ndi ya boma, ndipo wofuna kusodza azilipira lendi. Mikangano inabuka m'magombe ambiri, ndipo chaka chotsatira boma linabwerera m'mbuyo. Lamulo la usodzi la 1901 linalemba m'buku ufulu wakale wa midzi. La 1949 linaupereka kwa makopaletivu a asodzi. Mwambo sunangotsala m'nkhani za agogo, unalowa m'lamulo.

Zipatso zake zinaoneka ku Akita, kumpoto kwa dzikolo. Nsomba yotchedwa hatahata, imene m'ma 1960 ankaigwira matani pafupifupi 20,000 pachaka, inatsika kufika matani cha m'ma 70 mu 1991. Asodzi anakambirana nthawi yaitali, kenako anagwirizana okha kusiya kuigwira kwa zaka zitatu, kuyambira 1992 mpaka 1995. Nsombayo inabwerera mpaka matani masauzande angapo, ngakhale zaka zaposachedwa yachepanso. Chimene chinawapatsa mtima wopirira n'chakuti ankadziwa kuti nsomba zimene azisiya lero adzazigwira iwo omwe.

Tisawapange angelo. Mgwirizano womwewo umatha kutseka anthu pakamwa. Ku Minamata, fakitale ya Chisso inkataya mekyule m'nyanja, ndipo matenda ake anadziwika mu 1956 pakati pa mabanja odya nsomba. Boma linavomereza gwero lake mu 1968. Pa zaka zonsezo odwala ambiri ankasalidwa ndi anansi awo, chifukwa tauni inkadalira fakitaleyo ndipo wodandaula ankaoneka ngati wosokoneza mtendere.

Manje tibwere kwathu. Chigwa cha Kafue nacho chinali ndi eni ake ndi malamulo ake. Abatwa a m'madambo, Aila ndi Atonga anali ndi akulu oyang'anira maiwe ndi timitsinje. Usodzi wa gulu, wotchedwa lwando, sunkayamba mkulu wa malowo asanachite mwambo wopempha mizimu ya makolo, ndipo wolowa m'madzi nthawi isanakwane ankaopa ng'ona ndi mlandu. Kumeneku kunali kutseka ndi kutsegula nyengo, monga mmene midzi ya ku Japan inkachitira.

Njira zinasiyana pa nkhani ya umwini. Boma la atsamunda linayamba kulanda ulamuliro wa madzi, ndipo lamulo la usodzi la 1974 linauika m'manja mwa boma la Zambia ndi malayisensi ake. Zimene Japan inaziyesa chaka chimodzi n'kuzisiya, kuno zinakhazikika. Madamu a Kafue Gorge ndi Itezhi-Tezhi, omangidwa m'ma 1970, anasintha kasefukiridwe ka madzi kamene nsomba zimadalira poswana. Anthu ochokera mbali zosiyanasiyana za dziko anabwera kudzasodza, monga mmene nzika iliyonse ilili ndi ufulu. Mphamvu ya akulu inatha, ndipo maofesala ndi mabwato a boma sanakwanire chigwa chonsechi. Madzi akakhala opanda mwini wooneka, wosiya nsomba yaing'ono amangosiyira mnzake. Kutumpula ndi kukoka maneti a udzudzu kumachokera pamenepo, osati m'magazi mwathu.

Chaka chilichonse kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale usodzi umatsekedwa. Ku Akita chiletso chinali pangano la asodzi eni ake. Kuno ambiri amachimva ngati lamulo lochokera ku maofesi a ku Chilanga, nchifukwa chake chimasungidwa masana n'kuthyoledwa usiku.

Sitingabwerere ku nthawi ya lwando, pakuti Chanyanya wa lero ndi wa mitundu yambiri ndi mipingo yambiri. Koma lamulo la usodzi la 2011 limalola makomiti oyang'anira madera a usodzi okhala ndi anthu a m'deralo. Achinyamata anzanga, kaya muli ku Kanyama kapena ku Zambia Compound, nsomba imene mumadyera nsima ikuchokera m'madzi amenewa. Mukabwera kudoko, funsani ngati komiti ilipo, amene anaisankha, ndi mphamvu imene ili nayo pa munthu wobwera ndi neti yoletsedwa. Asodzi a ku Japan anasunga ulemu wawo pa nsomba chifukwa anasunganso mphamvu yogamula za gombe lawo, ndipo mphamvu imeneyo ndi imene tiyenera kuifunsa pa msonkhano wotsatira.