Udzu Umene Unabala Chimanga

Chimanga sichinapezeke kuthengo chili monga tikuchidziwira lero. Kholo lake ndi udzu wotchedwa teosinte, umene umamerabe m'chigwa cha mtsinje wa Balsas ku Mexico, kumene anthu anayamba kuusamalira zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Ngala yake ndi yaing'ono, njere sizipitirira 12, iliyonse ili m'chikamba cholimba gwa, ndipo zikakhwima zimayoyoka zokha. Koma chimanga chitalowa m'munda sichinakane abale ake akutchire, ndipo m'pamene pagona mphamvu zake. Chitakwera kumapiri ozizira apakati pa Mexico chinakumana ndi teosinte wamtundu wina wotchedwa mexicana, mphepo n'kumatenga mungu pa ngayaye za udzuwo kukathira pa ndevu za chimanga. Kafukufuku wa DNA wofalitsidwa mu 2023 anaonetsa kuti chimanga cha lero, ngakhale chimene chili m'nkhokwe zathu, chili ndi magazi a udzu wakumapiriwo. Choncho alimi amene ankalekerera teosinte m'malire mwa minda yawo sanali aulesi. Ena ankanena ndithu kuti udzuwu umalimbitsa chimanga.

Wina anganene kuti teosinte ndi tchire basi, ndipo zoona zilipo: akasakanikirana ndi chimanga, mbewu yoyambirira imabala tizitsononkho ta njere zolimba tosayenera kupita kuchigayo. Koma mlimi amasankha mbewu chaka ndi chaka, kutaya zoipa n'kusunga zabwino, ndipo m'kupita kwa mibadwo zotsalazo zimakhala zothandiza. Choopsa kwenikweni ndi mbewu yofanana ponseponse. Mu 1970 matenda ofotetsa masamba anawononga pafupifupi 15 peresenti ya chimanga cha ku United States, chifukwa mbewu zambiri za haibulidi kumeneko zinali ndi chibadwa chimodzi cha kuchimayi, ndiye nthenda itapeza khomo pamodzi inalowa paliponse.

Enanso amati njere zingosungidwa m'zipinda zozizira, monga amachitira a CIMMYT ku Mexico komweko. Ntchito imeneyo ndi yofunika, koma njere ya mufiriji siphunzira chilala chatsopano kapena tizirombo tatsopano, ndiponso munthu amasunga chokhacho chimene wachipeza. Mtundu wa teosinte wosatha, Zea diploperennis, unadziwika mu 1977 pamene Rafael Guzmán anaupeza m'mapiri a Manantlán ku Jalisco, pa malo ochepa oti akanatha kuswedwa mphanje wina asanaudziwe. Boma linakhazikitsa malo otetezedwa kumeneko mu 1987. Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa chimanga chinafika mu Africa ndi Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500 chili chokha, abale ake atatsala kutsidya kwa nyanja, n'kudzakumana kuno ndi kaufiti amene kwawo kunalibe. Akatswiri a IITA ku Nigeria, pofunafuna chimanga chopirira kaufitiyo, anakatapa mphamvu zina mu udzu wa ku Manantlán womwewo.