Walmart ndi Nyumba Zake Zosungiramo Katundu

Walmart ndi kampani ya ku America yomwe imagulitsa katundu wa ndalama zambiri kuposa kampani ina iliyonse ya masitolo padziko lapansi. Mwini wake woyamba, Sam Walton, adatsekula sitolo yoyamba mu 1962 m'tauni ya Rogers ku Arkansas. Anthu amaidziwa ndi mitengo yotsika, koma gwero la mitengoyo lili kumene ogula safika: kunyumba zosungiramo katundu.

Walton adasankha kuchita malonda m'matauni ang'onoang'ono, komwe makampani operekera katundu ankachita ulesi kutumiza malole awo. Vuto limeneli ndi lomwe lidamuphunzitsa nzeru. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 adatsekula depoti yakeyake ku Bentonville, ndipo masitolo atsopano ankawamanga mozungulira depoti, pamtunda woti lole n'kufika tsiku lomwelo. Dera likadzaza, ankamanga depoti ina patsogolo n'kuyambanso chimodzimodzi.

Depoti yotere si nkhokwe yoti chimanga chigonemo mpaka dzinja. Katundu wongokhala amadya ndalama, chifukwa amafuna malo, alonda ndi magetsi, ndipo wina amaonongeka kapena kutha fasho. N'chifukwa chake Walmart idalimbikira njira yotchedwa cross-docking. Malole ochokera kumafakitale amatsitsa katundu mbali imodzi ya nyumbayo, makatoni amakwera pamalamba oyenda okha, makina amawerenga timizere ta barcode, ndipo katoni iliyonse imakatulukira pakhomo pomwe paima lole yopita kusitolo yoyenera. Katundu wambiri sakhalitsamo n'komwe, ngakhale nyumba zina n'zazikulu kuposa mabwalo a mpira 10.

Kuti zimenezi ziyende, depoti iyenera kudziwa msanga zomwe zatha pashelefu. Mu 1987 kampaniyi idalumikiza masitolo ake onse ndi likulu kudzera pa setilaiti. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 idagwirizana ndi Procter & Gamble, yopanga matewera a Pampers, kuti iziona yokha momwe katundu wake akuyendera n'kumatumiza wina asanathe. Nkhani ya matewerayi njochititsa chidwi. Makanda amagwiritsa ntchito matewera mofanana mwezi ndi mwezi, koma maoda ofika kufakitale ankakwera ndi kutsika modabwitsa, popeza wasitolo, wopikulitsa ndi wadepoti aliyense ankaonjezerako pang'ono poopa kuperewedwa. Onse atayamba kuona ziwerengero zimodzimodzi, kungoganizirako kudachepa.

Mtolo wa dongosololi sugwera onse mofanana. Kuyambira 2017 Walmart imalipiritsa chindapusa cha 3 peresenti ya mtengo wa katundu kwa opereka katundu amene abweretsa mochedwa, mofulumira kwambiri kapena mopereweza. Fakitale yaikulu ingapirire, koma kwa wopanga zinthu wamng'ono chilango chotere n'chowawa, ndipo mpake kufunsa kuti kutchipa komwe wogula amasangalala nako akukulipira ndani.

Ku Africa, Walmart idalowa mu 2011 pogula magawo 51 pa 100 a Massmart ya ku South Africa, mwini wa masitolo a Makro, Builders ndi Game, dzina lomwe ogula a ku Blantyre ndi Lilongwe amalidziwa bwino. Magawo otsalawo idawagula mu 2022.