Karura: Nkhalango Imene Inapulumutsidwa Kawili

Ambili a ife amene tinakulila mu Chilenje, Kabwata, Matero kapena Libala tikumbukila kabwalo kumene tinali kumenyela cimpombwa mpaka mdima utagwa. Mabwalo ena akalipo. Ena anayamba ndi kumela udzu, kenako anakhala potaila zinyalala, ndipo tsiku lina tinangouka n'kupeza mabuloko atsitsidwa kale, malo ali ndi mwini wake. Timakamba kuti anatilanda, ndipo nthawi zambili n'zoona. Koma ku Nairobi, likulu la Kenya, kuli nkhalango imene inatsala pang'ono kupita mwa njila imeneyi, ndipo mbili yake ili ndi zotiuza.

Nkhalangoyo dzina lake ni Karura. Ili kumpoto kwa mzindawo, pafupi ndi mayadi a anthu olemela a Muthaiga ndi Gigiri, ndipo ni yaikulu mahekitala oposa 1,000. Boma la atsamunda a ku Britain linailemba kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1932. M'nthawi ya atsamundawo, mitengo yambili yacilengedwe inadulidwa ndipo m'malo mwake anabyalamo mabulugamu ndi mitengo ina yocokela kunja, imene imakula msanga. Mkati mwake muli mitsinje, mathithi ndi mapanga amene anthu amakamba kuti ankhondo a Mau Mau anali kubisalamo pomenyela ufulu m'zaka za m'ma 1950.

Pofika m'zaka za m'ma 1990, mu ulamulilo wa Daniel arap Moi, malo a boma anali kugawidwa mwakabisila kwa anthu odziwana ndi akuluakulu. Karura nayonso anaigawa mapuloti pa mapepala, anthu wamba osadziwa. Mu 1998 zinaonekela poyela pamene mathilakita analowa n'kuyamba kulambula malo omangapo nyumba zodula.

Amene anaima kutsogolo pokana zimenezi anali Mayi Wangari Maathai. Iwo anayambitsa gulu la Green Belt Movement mu 1977, limene linali kulimbikitsa azimayi a kumidzi kubyala mitengo. Sanali acilendo pa nkhondo zotele. Mu 1989 anatsutsa boma pamene linafuna kumanga cinyumba ca nsanjika 60 mu Uhuru Park, pakati pa Nairobi, ndipo cinyumbaco sicinamangidwe. Ku Karura njila yao inali yosavuta kumva: kumene adula mtengo, iwo ndi anzao anali kupita kukabyala wina.

Pa 8 January 1999, Mayi Maathai anapita ku nkhalangoyo pamodzi ndi aphungu ena a nyumba ya malamulo, atolankhani ndi mamembala a gulu lao, atanyamula mbande. Anapeza gulu la amuna olonda malowo, onyamula zikwanje, zibonga ndi zikwapu. Atayesa kubyala mtengo, amunawo anayamba kuwamenya. Mayi Maathai anavulala m'mutu, ndipo aphungu ndi atolankhani ena anavulalanso. Koma makamela anajambula zonse. Dziko lonse linaona, ana a sukulu a pa yunivesite anadzaza m'misewu ya Nairobi, ndipo mu August caka comweco Moi analengeza kuti waletsa kugawa malo a boma. Kumanga mu Karura kunaima. Mu 2004 Mayi Maathai analandila mphoto ya Nobel ya mtendele, mzimayi woyamba wa mu Africa kuilandila.

Ambili akamasimba nkhani ya Karura amathela pamenepa. Koma kunena zoona, kwa zaka pafupifupi 10 pambuyo pake, munthu wamba wa mu Nairobi sanali kupondamo. Nkhalango inapulumuka kwa omanga nyumba koma inagwela m'manja mwa akawalala. Inachuka ndi kufwamba anthu, ndipo nthawi zina munali kupezeka mitembo yotaidwa. Mitengo inali kudulidwa mobisa, zinyalala zinali kuthilidwamo, ndipo citsamba cowanda msanga ca lantana, cimene naife ticidziwa bwino m'mbali mwa misewu yathu, cinatseka tinjila. Malo amene anthu anakhetsela magazi anakhala malo amene makolo anali kuletsa ana ao kuyandikila. Ndipo malo oopedwa ni osavuta kugulitsa, cifukwa palibe amene amawalila.

Cipulumutso caciwili cinabwela mwakacetecete. Mu 2005 dziko la Kenya linakhazikitsa lamulo latsopano la nkhalango, lolola anthu okhala pafupi ndi nkhalango kupanga bungwe lao n'kumaisamalila pamodzi ndi boma. Mu 2009 anthu okhala mozungulila Karura anagwilitsila nchito lamulo limenelo n'kupanga bungwe la Friends of Karura Forest. Mmodzi wa amene anakoka anzao anali Alice Macaire, mkazi wa kazembe wa Britain ku Kenya pa nthawiyo, ndipo Mayi Maathai anacilikiza bungwelo. Anasainilana pangano ndi nthambi ya boma yoona za nkhalango, ya Kenya Forest Service, kuti aziyendetsa malowo pamodzi.

Nchito imene anagwila si yokongola kuisimba. Anali kukhala m'misonkhano, kulemba makalata, ndi kugogoda pa makomo a makampani kupempha thandizo. Ndi ndalama zimene anasonkhanitsa anazungulitsa nkhalango ndi mpanda wa magetsi wotalika makilomita pafupifupi 15. Anthu ongodzipeleka anali kubwela kudzatola zinyalala, kuzula lantana, kulambula tinjila ndi kuika zikwangwani kuti munthu asasocele. Anayamba kucotsa mabulugamu pang'onopang'ono n'kubwezelamo mitengo yacilengedwe, nchito imene ikali kupitiliza mpaka lelo. Mbande ikabyalidwa imafunika kuithilila ndi kuilimilila kwa zaka, ndipo pa nchito imeneyo sipabwela atolankhani.

Cinthu canzelu kwambili cimene anacita cinali cokhudza komboni ya Huruma, imene ili m'mphepete mwa nkhalangoyo. Kukanakhala kosavuta kuona anthu a m'komboniyo monga adani n'kuwatsekela kunja. M'malo mwake bungwelo linalemba nchito anthu a kumeneko monga alonda oyendela nkhalango, ndipo magulu a azimayi anapatsidwa nchito yolipidwa yolambula ndi kubyala. Anthu amene anali kudziwa kanjila kalikonse ka m'nkhalangomo ndiwo anakhala maso ake. Apa tiona kuti kudzipeleka kuli ndi malile. Amene ali ndi nchito kale angapeleke Ciwelu cake kwaulele, koma amene afunafuna ya unga wa lelo sangalonde nkhalango ndi njala. Ongodzipeleka anasonkhanitsa ndalama ndi kuyendetsa zinthu, ndipo ndalamazo zinalipila amene anali kugwila nchito tsiku lililonse.

Karura inatsegulidwa kwa anthu onse mu 2011, ndipo Mayi Maathai anamwalila mu September caka comweco ataona anthu ayamba kuyendamo mosaopa. Lelo muli tinjila topitilila makilomita 50 toyendamo, kuthamangamo ndi kuchovamo njinga. Kuyambila mu 2014 anabweletsamo anyani akuda ndi oyela a mtundu wa colobus, ocokela kumalo kumene nkhalango zao zinali kutha. Masukulu amapelekako ana kukaphunzila za mitengo. Sikuti zonse zili bwino. Pa geti amalipilitsa, ndipo olo ndalamayo ikhale yocepa, pali mabanja amene sangaikwanitse. Mpanda umene umaletsa kawalala umaletsanso mwana wopanda kobili m'thumba. Funso lakuti malo a anthu onse angatetezedwe bwanji popanda kutsekela osauka kunja likali loyenela kulifunsa. Koma aliyense wofuna kudulako puloti lelo adziwa kuti adzayambana ndi anthu masauzande ambili amene amaidziwa nkhalangoyo ndi mapazi ao.

Ife a mu Lusaka nkhaniyi si yacilendo kwa ife. Mzinda wathu unakhala likulu mu 1935, ndipo amene anaulinganiza anafuna kuti ukhale mzinda wa minda ndi mitengo. Tonse tiona zimene zatsalako. Tinamvanso mkangano wa Forest 27, kum'mawa kwa mzinda, kumene kumacokela mtsinje wa Chalimbana, pamene mbali zina za nkhalangoyo zinacotsedwa pa citetezo kuyambila mu 2017 n'kugawidwa mapuloti. Naife tili ndi lamulo la nkhalango la 2015 limene limalola anthu a m'dela kupanga gulu losamalila nkhalango yao. Ndipo pa kabwalo ka m'komboni sitifunika ngakhale lamulo lalikulu conco. Pafunika cabe kudziwa kuti malowo analembedwa ciani ku khonsolo, kuonana ndi khansala ndi komiti ya citukuko ya mu wadi, ndi kupezekapo kawilikawili.

Kulemba mokwiya pa Facebook tikaona mabuloko atsitsidwa timakwanitsa, ndipo nthawi zina kumathandiza. Koma pofika tsiku limenelo, kawilikawili malowo amakhala kuti tinawasiya kale zaka zambili. Ku Karura, amene anamenyedwa mu January 1999 anaimitsa mathilakita, ndipo amene anabwela ndi makasu mu 2009 ndiwo anacititsa kuti mathilakitawo avutike kubwelela. Magulu onse awili anafunika. Manje ngati pafupi ndi kwanu pakali kabwalo kamene kali ndi udzu wofika m'ciuno ndi mapulasitiki ali mbwee, kakali kathu. Kafunika zikwakwa zingapo, masaka otolelamo zinyalala, magolo awili a mitengo, ndi anthu amene adzabwelanso Ciwelu cotsatila.